Chikondi sichiletsa munthu kachasu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mng'ono wanga wathawa kubanja ku Ngabu diso lili lotupa, ndiye mayi wina wa kumpingo, wophunzira bwinobwino, wamubweretsera buku. Buku! Ati awerenge alimbe mtima. Ndi timabuku tachikondi ta Chingerezi tija, nkhani ya makedzana ku Mangalande, nthawi ya ngolo za akavalo. Bwana wachuma ndi chidakwa, mtsikana amukonda n'kumupirira, pa tsamba lomaliza bambo uja ataya botolo, agwada akulira, basi wasintha.

Bodza lenileni. Chikondi sichiletsa munthu mowa. Mkazi si chipatala. Muphikireni bwino, mumuchapire, mumusale kudya kumapiri, ngati mwini wake sanafune kusiya, sasiya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komanso chidakwa cha m'bukumo chili ndi minda, antchito ndi nyumba yosanja. Chikaledzera ana sagona ndi njala. Chathu cha kuno chikagulitsa thonje chimasowa mpaka ndalama ithe. Chikalandira malipiro odula nzimbe ku Nchalo chimafika pakhomo ndi matumba ozondoka, kachasu akununkha ngakhale m'thukuta, dzuwa lathu lino la Okutobala. M'mawa uchema, madzulo kachasu. Mbuzi ipita, njinga ipita, kenako malata. Wolemba bukuyo anaonapo mkazi akukumba nyika, timizu ta m'madzi todya nthawi ya njala, m'dambo la Ndindi, ng'ona zili momwemo, chifukwa mapira onse bambo anasinthitsa ndi botolo?

Ena muyamba zoti ndi umphawi, ndi kusowa ntchito. Chabwino, tamva. Koma amene akumenyedwa si umphawiwo.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti ntchito yosintha mwamuna mwaisenzetsa mkazi. Akalephera, mumati sanakonde mokwanira. Akachoka, mumati alibe chipiriro. Ankhoswe nawo nyimbo ndi yomweyo: "Banja ndi kupirira, mwanawe." Apirire mpaka liti? Mpaka tikamutenge m'bokosi? Alipo amuna amene anasiyadi mowa, ndimawadziwa ndipo ndimawapatsa ulemu, koma anasiya okha atatopa ndi manyazi awo. Palibe anasiya chifukwa mkazi anamwetulira mokoma.

Ndipo inu amene munkagulitsa ufa wa chithandizo m'misasa ya ku Bangula nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 kuti mukamwere, ana akulira, musaganize kuti tinaiwala. Amene ankakugulani ufawo timawadziwanso.