Malume ndi thanki ya chimbudzi

Banja lililonse lili ndi malume uja amene anagwirako sipanala kamodzi, basi mpaka lero ndi injiniya. Athu ali ku South Bend, ku Indiana, m'dziko la America. Chaka chatha anagula kalavani yakale, ija yokoka ndi galimoto, ya bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati.

MPHWAWO: Malume, pabwalo pano pakununkha.

MALUME: Ndi galu wa aneba.

MPHWAWO: Aneba alibe galu.

MALUME: Ndiye ndi eni akewo.

MPHWAWO: Tasuzumirani pansi pa kalavani yanuyi. Pakudontha.

MALUME: Ndi mame.

MPHWAWO: Mame a 2 koloko masana? Abulawuni?

MALUME: Kuno ndi ku America, iwe. Nyengo yake ndi ina.

MPHWAWO: Pansipa pali mathanki atatu. Ina ya madzi abwino, ina ya madzi osamba ndi otsukira mbale, ija amati gray tank, ina ya chimbudzi, black tank. Ikudonthayi ndi ya chimbudzi.

MALUME: Ukuphunzitsa ine?

MPHWAWO: Ndikugwira ntchito kufakitale ya zimenezi ku Elkhart, chino ndi chaka chachinayi. Makalavani ambiri a dziko lino amapangidwa kumeneko.

MALUME: Iwe umangomanga mabawuti. Ine ndinamata thanki ya mafuta ya minibasi ndi sopo pa Zalewa, mpaka tinakalowa mu Lilongwe.

MPHWAWO: Tsiku lija munatiuza kuti munagona pa Balaka.

MALUME: Linali vuto la tayala.

MPHWAWO: Chabwino. Musanaiimike mu Okutobala, munaikhuthula?

MALUME: Inali isanadzaze. Ndikhuthulirenji chinthu chosadzaza?

MPHWAWO: Ndiye zili mmenemo kuyambira Okutobala mpaka Meyi uno? Nanga antifreeze wapinki uja, mankhwala oletsa madzi kuuma kukhala ayezi, munathira?

MALUME: Mankhwala a chiyani? Chimbudzi chikudwala?

MPHWAWO: Madzi akauma kukhala ayezi amafufuma, malume. Pulasitiki imang'aluka.

MALUME: Kwa agogo ako ku Dedza kumazizira mpaka mano kugwedezeka, koma chimbudzi chawo sichinang'alukepo.

MPHWAWO: Cha agogo ndi dzenje.

MALUME: Ndiye ukuona amene ali ndi nzeru.

MPHWAWO: Tiikoke tipite ku dump station, kumalo kokhuthulira mathanki a makalavani, tikakhuthule. Titsuke kawiri katatu, iume, kenako tione pamene pakutuluka. Poyamba timatsegula ya chimbudzi, ikatha timatsegula ya gray kuti madzi a sopo atsuke paipi.

MALUME: Amalipiritsa?

MPHWAWO: Pang'ono chabe.

MALUME: Ndilipire potaya zinthu zanga zomwe? Chakudya ndinagula ndi ndalama, pano ndilipirenso chikutuluka? Bweretsa selotepu.

MPHWAWO: Selotepu sagwira ponyowa.

MALUME: Wasiliva uja amagwira.

MPHWAWO: Munamata naye bampa ya galimoto, inagwa tili pa msewu wa ku Chicago.

MALUME: Inagwa itagwira ntchito milungu itatu. Ulendo wathu wa kunyanja ndi wa masiku awiri. Werengera wekha.

(Ulendo wake ndi wa ku Indiana Dunes, m'mbali mwa Lake Michigan, nyanja imene malume amainyoza chaka chilichonse kuti mulibe chambo, koma chaka chilichonse ali komweko ndi mbaula yawo.)

MALUME: Kapena mphira. Muli chubu cha njinga mugalaja, tidule tikulunge.

MPHWAWO: Thanki yake ndi yotambalala ngati chitseko. Mukulunga bwanji?

MALUME: Machubu awiri.

MPHWAWO: Malume, mng'alu uli ndi kakonzedwe kake. Mumapala ndi sandipepa, mumapukuta, kenako mumaboola kabowo kakang'ono kunsonga kwa mng'aluwo, uku ndi uku, kuti usapitirire.

MALUME: Bwerezanso.

MPHWAWO: Mumaboola kabowo…

MALUME: Thanki ikudontha, iwe ukuti tiboolenso?

MPHWAWO: Kuti mng'alu uime.

MALUME: Mabowo awiri pamwamba pa limene lilipo kale. Atatu. Fizi yonse imene ndinakulipirira ku Poly ija ndi imeneyi? Denga likamadontha kwanu mumakwera ndi msomali?

MPHWAWO: Timabowoto timamatidwa limodzi ndi mng'aluwo. Ngati thanki ndi ya pulasitiki ya mtundu wa ABS, mumapaka guluu wa ABS, mumayala kansalu ka fiberglass, mumapakanso, mudikire kuti ziume. Koma ngati ndi ya polyethylene, guluu wamba sagwira. Pamafunika kuwotcherera ndi pulasitiki ya mtundu womwewo.

MALUME: Kuwotcherera pulasitiki ndi pulasitiki inzake?

MPHWAWO: Eya.

MALUME: Si zomwe amachita amayi ako ndi mpeni wamoto pa beseni?

MPHWAWO: …Zikufananako.

MALUME: Ehee! Azungu anaba nzeru za mlongo wanga n'kuzipatsa dzina lalitali. Thamanga ukatenge beseni la anti ako ndi machesi.

MPHWAWO: Moto ayi! Muthankimo muli mpweya woyaka, kutsogoloku kuli masilinda a gasi. Tikauluka tonse, kumudzi akalandira chiyani?

MALUME: Mantha ngati nkhuku. Ndipatse tochi.

MPHWAWO: Valani magolovesi.

MALUME: Ine ndakumba zimbudzi zinayi ndi manja omwewa.

(Malume agona chagada, akwawira pansi pa kalavani. Avala malaya oyera a kutchalitchi, poti ntchito yake akuti ndi ya mphindi zisanu.)

MPHWAWO: Taunikani chakumanzere. Apo! Malume, thanki ili bwinobwino. Pakudontha ndi pa valavu, pamene pakulumikizana ndi paipi yaikulu ya mainchesi 3 ija. Timphira tamkati tatha. Ndi mabawuti anayi basi. Tikakhuthula, timasule, tiikemo tatsopano, nkhani yatha.

MALUME: Valavu ilibe vuto.

MPHWAWO: Dontho likugwa pamphumi panupo likuchokera pomwepo.

MALUME: Likungodutsirapo. Gwero lake ndi kwina.

MPHWAWO: Kuti?

MALUME: Ndikufufuza.

MPHWAWO: Chivundikiro cha kukamwa kwa paipi chili kuti?

MALUME: Ndachotsa kuti ipume.

MPHWAWO: Bwezeranipo msanga. Ndipo chogwirira chakudacho musachikhudze.

MALUME: Ichi?

MPHWAWO: Chomwecho.

MALUME: Ndikufuna ndikuonetse kuti valavu ndi yamoyo. Yakufa imalimba. Iyi taona mmene ikuyendera mofewa…

MPHWAWO: Malume, thanki imeneyi ndi ya magaloni 40! Malita 150!

MALUME: Ndati inali isanadzaze.

(Akoka. Inalidi isanadzaze. Kunatsala pang'ono.)

MPHWAWO: Malume?

MALUME: …

MPHWAWO: Malume, muli moyo?

MALUME: Usandiyankhulitse. Ndikufuna pakamwa pakhale potseka.

(Atuluka chokwawa. Malaya aja tsopano ndi a mpingo wina.)

MALUME: Suzumira. Ikudonthanso?

MPHWAWO: Mulibe kanthu, idontha chiyani?

MALUME: Ndafunsa kuti ikudontha?

MPHWAWO: Ayi.

MALUME: Ndakonza. Osaboola, osalipira.

MPHWAWO: Zikutsetserekera kwa aneba.

MALUME: Kapinga wawo anali wachikasu. Adzandithokoza mu Julayi.

MPHWAWO: Akaimbira a khonsolo mulipira faindi yoposa mtengo wa kalavaniyi.

MALUME: Ndiye titsuke. Si unati ikatha yakuda timakoka ya gray?

MPHWAWO: Paipi italumikizidwa ku dump station! Osati mutaima kutsogolo kwa…

(Akoka. Madzi otsukira mbale a Okutobala, a mafuta a nkhuku ndi zotsalira za nsima, awathira m'nsapato.)

MALUME: Awa bola. Akumveka kasopo.

ANTI (ali pawindo): Inu bambo, chafa n'chiyani panjapo?

MALUME: Ndi mphwangayu. Sadziwa ntchito.

ANTI: M'nyumba muno musalowe.

MALUME: Ndingotenga thawulo.

ANTI: Paipi ya kudimba ili apoyo. Iwe mwanawe, uwathire kuyambira kumutu.

MALUME: Madzi ake ndi ozizira!

ANTI: Ku Dedza kumazizira kuposa pamenepo.

MPHWAWO: Ndiye mawa ndibweretse timphira ta valavu tija?

MALUME: Bweretsa selotepu.