Musanamasule propshaft, ikani chizindikiro

Amakaniko athu, musakhumudwe, koma iyi ndiyankhula. Mukamatsitsa giyabokosi ya Hilux kapena Hiace kuti musinthe clutch, muziika chizindikiro pa propshaft, chipaipi cha pansi pa galimoto chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku matayala akumbuyo, musanakhudze bawuti ngakhale imodzi.

Ena amati n'kutaya nthawi, chitsulo chikalowa chalowa basi. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku limene Hiace yanga inachokera ku galaja ina ikunjenjemera liwiro likangofika pa 70. Pansi pa mpando ngati mwaika chigayo. Ndinakabalansitsa matayala onse anayi, ndalama inapita, kunjenjemera kunatsala. Mdala wina wokalambira pa ntchitoyi anangolowa pansi ndi tochi, osatha ndi mphindi ziwiri. Akuti, "Mwana wanga, amene anabwezera shaft iyi analowetsa spline mosemphana." Spline ndi mano aja amene zigawo ziwiri za shaft zimalowetsanirana.

Chimachitika n'chakuti cross, cholumikizira chooneka ngati mtanda chimene chimakhala kumapeto kwa shaft, ikamagwira ntchito itapendekeka, sizungulira mofanana. Imafulumira n'kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Cross ya mbali inayo ndi imene imathetsa kusiyanako, koma pokhapokha ngati mafoloko ogwira ma cross awiriwo akhala mmene anawaikira ku fakitale. Mukasolola shaft pa spline n'kuibwezera mutaphonya mano angapo, ziwirizo zimayamba kulimbana m'malo mothandizana. Komanso shaft imabalansidwa ili yolumikizidwa. Timapuleti tating'ono towotcherera pa paipi ija si zokongoletsa ayi, ndi timiyeso tolemera.

Pa flange, chimbale cha mabawuti chomangira shaft ku difu, ndivomereze, nthawi zambiri mutaitembenuza palibe chimene mungamve. Komabe mabuku okonzera magalimoto a Toyota amanena kuti muike chizindikiro pamenepanso, ndipo sindikuona chifukwa chotsutsana nawo pa chinthu chotenga masekondi khumi. Choko musagwiritse ntchito, chimafufutika ndi manja a girizi. Penti yoyera, Tipp-Ex ya mwana wasukulu, kapena kakhomedwe kamodzi ka punch mbali zonse ziwiri, zakwana.

A Vitz ndi Sienta zokoka ndi matayala akutsogolo okha, nkhaniyi sikukukhudzani, propshaft mulibe.

Ine pomwe mdala uja amaiwongola shaft yanga, centre bearing yogwira shaft pakati inali itadyeka kale ndipo seal ya kumchira kwa giyabokosi inali ikudontha oyilo. Zonsezo ndinagula ndine. Panopa ndikasiya galimoto pa galaja, ndimayamba ndalowa pansi ndekha ndi kabotolo ka penti, amakaniko akundiseka.