Nsomba zikamira chifukwa cha inu, chenjerani

Mng'ono wanga wabwera dzulo akusekerera, akundionetsa uthenga wa mwamuna wina amene amakaoda katundu ku Guangzhou, mzinda wa ku China. Akuti wamulembera mawu a Chikantonizi, chilankhulo cha kumeneko, cham yu lok ngaan, kutanthauza kuti ndi wokongola moti nsomba zikamuona zimamira, atsekwe akugwa kuchoka mumlengalenga. Mtsikana mutu wazungulira. Ine mtima wangoti phwii, ndapsa nawo.

Kodi mukuwadziwa akazi amene anatamandidwa ndi mawu amenewa? Wa nsombayo ndi Xi Shi. Amati ankachapa kumtsinje, nsomba zikumuyang'ana mpaka kuiwala kusambira. Mapeto ake? Anamupereka kwa mfumu Fuchai ya dziko la Wu, ku China wakale, ngati nyambo, kuti mfumuyo itengeke naye iiwale ufumu. Wa atsekweyo ndi Wang Zhaojun, amene m'chaka cha 33 BC anamutumiza kukakwatiwa ndi mfumu ya Axiongnu, mtundu wa anthu a kumpoto kwa China, kuchipululu, kuti pakhale mtendere. Mawuwa amapitirira, amati mwezi umabisala, maluwa amachita manyazi. Wa maluwayo ndi Yang Guifei, ndipo anamupotokola khosi mu 756 asilikali atagalukira, mfumu imene inkamukonda kwambiriyo itavomereza. Ndiye mng'ono wanga akufuna kuima pamzere umenewu!

Wokutamanda mopyola muyeso ali ndi chimene akufuna kwa iwe. Ndikubwerezanso, munthu akakukweza mpaka kumwezi ndiye kuti wawerengera kale phindu lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwina atsikana athu sitiwayamikira pakhomo n'chifukwa chake amakomoka ndi mawu a mlendo, kaya. Koma mawu okoma si chikondi, ndipo kunenedwa m'chilankhulo chakutali sikuwasandutsa oona. Mawuwo ndi okongola ndithu, sindikukana, amene anawapeka anali katswiri. Mkuluyu yekha sanapeke kanthu, wangokopera. Ndikukayika ngati angawatchule bwino, pakuti Chikantonizi ukaphonya kamvekedwe ka liwu wanena zina.

Ndiponso amayi amene amapita ku Guangzhou amadziwa, ogulitsa m'misika amaitana mkazi aliyense kuti leng neoi, chiphadzuwa, ngakhale agogo oyendera ndodo, bola akhale ndi ndalama m'chikwama. Kwathu kuno n'chimodzimodzi, "amayi okongola, tabwerani muone kaunjika." Ukangodutsa osagula, mumve zimene akunena kumbuyo kwako.