Mawu akuti "lord" anabadwira pa buledi

Mawu akuti "lord" ndi amodzi mwa mawu a Chingerezi amene timakumana nawo kawirikawiri popanda kuwaganizira. Ku khoti lalikulu maloya amatchula woweruza kuti "My Lord", m'mapemphero a Chingerezi mawuwa ndiwo amaimira Ambuye, ndipo onse okhala m'nyumba za lendi amawatchula mwezi ndi mwezi akamanena za alandilodi. Ndakhala ndikutsata chiyambi cha mawu amenewa, ndipo chimene chandigwira mtima n'chakuti dzina laulemu waukulu chotere linachokera pa chakudya cha pakhomo.

M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England anthu a ku Normandy asanalande dzikolo mu 1066, mawuwa ankalembedwa kuti hlaford, ndipo anali chidule cha mawu otalikirapo akuti hlafweard. Hlaf anali buledi, ndipo ndi mawu omwewo amene lero anasanduka "loaf", amene ife timati lofu, pamene weard anali mlonda kapena msungi. Choncho hlaford anali wosunga buledi, munthu amene nkhokwe inali m'manja mwake, amene onse a pakhomopo ankayang'ana kwa iye kuti adye. Mayi wa pakhomopo ankatchedwa hlæfdige, kutanthauza wokanda ufa wa buledi, ndipo ameneyo ndiye "lady" wa masiku ano. Ife amene tinakulira kumene mwini mbumba amalemekezedwa chifukwa chosamala alongo ake ndi ana awo sitingavutike kumvetsa maganizo amenewa, pakuti nafenso timadziwa kuti wamkulu amaoneka pa nthawi ya njala ndi ya maliro.

Panalinso mawu achitatu amene anafa kalekale, ndipo ndikuona kuti ndi amene amaulula zambiri kuposa anzake awiriwo. Mawuwo ndi hlafæta, kutanthauza wodya buledi, ndipo ankanena munthu wodalira mwini khomo, wantchito kapena wina aliyense wodya za mwini wake. Amapezeka m'malamulo a Æthelberht, mfumu ya dera la Kent ku England imene inamwalira mu 616, omwe ndi malamulo akale kwambiri olembedwa m'Chingerezi. Lamulo lina mmenemo limati wopha wodya buledi wa munthu wamba alipire masheleni 6. Nditawerenga zimenezi ndinasiya kuganiza kuti nthawi imeneyo inali ya chifundo chokhachokha. Wosunga buledi analidi ndi udindo wodyetsa ndi kuteteza anthu ake, koma buledi yemweyo anali chingwe chowamangira kwa iye, moti ngakhale dzina lawo linkachokera pa chimene ankalandira m'manja mwake. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo hlaford ankaikadi, chifukwa wodya zake ankayenera kumugwirira ntchito, kumumvera ndi kumutsata kunkhondo. Patapita zaka pafupifupi 300, malamulo a mfumu Æthelstan anafika polamula kuti munthu wopanda mbuye abale ake amupezere mbuye, apo ayi aziyesedwa wothawa lamulo. Kukhala wopanda wokudyetsa kunali kukhala wopanda wokuyankhira pa mlandu.

Tanthauzo la kukhitchini silinachedwe kuyamba kuzilala. Æthelflæd, mwana wamkazi wa mfumu Alfred, analamulira dera la Mercia kuchokera mu 911 mpaka imfa yake mu 918, anamanga mizinda ya malinga ndipo asilikali ake analanda mzinda wa Derby m'manja mwa anthu ochokera ku Denmark mu 917. Olemba mbiri a nthawiyo ankamutcha Myrcna hlæfdige, mayi wolamulira anthu a ku Mercia, ndipo sindikhulupirira kuti wina wa iwo ankaganizanso za kukanda ufa polemba dzinalo.

Gawo limene limandikhudza kwambiri ndi la chipembedzo. Angerezi akale anali ndi mawu ena onena mbuye, akuti dryhten, amene poyamba ankatanthauza mtsogoleri wa gulu la ankhondo, ndipo m'ndakatulo ndi m'mapemphero awo mawu amenewa ndiwo ankagwiritsidwa ntchito kwambiri potchula Mulungu. Koma m'zaka mazana angapo zotsatira 1066, dryhten anapita nachepa mpaka anazimiririka, ndipo wosunga buledi uja ndiye analowa m'malo mwake. Pamene otsatira a John Wycliffe, mphunzitsi wa zachipembedzo wa ku England, ankamasulira Baibulo m'Chingerezi cha m'ma 1380, mawu a Chilatini akuti Dominus anawamasulira kuti "Lord". Baibulo la 1611 la mfumu James linapitirira pamenepo polemba mawuwa m'zilembo zazikulu zokhazokha pafupifupi paliponse pamene Chiheberi chili ndi dzina lenileni la Mulungu, malo amene Buku Lopatulika limati Yehova ndipo Buku Loyera limati Chauta. Palibe msonkhano umene unagamula kuti dryhten afe, koma ine ndimasangalala kuti mwa mayina awiriwo, la wotsogolera nkhondo ndi la wodyetsa anthu, lachiwirili ndilo linatsala pakamwa pa opemphera. M'Pemphero la Ambuye la m'Chingerezi chakale, chakudya chalero chimene timapempha chinalembedwa kuti hlaf, motero munthu wa nthawi imeneyo akanatha kumva ndi makutu ake ubale wa mbuye ndi chimene ankamupempha. Ngakhale chikondwerero cha zokolola zoyamba cha pa 1 Ogasiti, chimene lero amachitcha Lammas, chinali hlafmæsse, misa ya buledi.

Ubale umenewu unabisika chifukwa cha mmene pakamwa pa anthu pamaperesera mawu. Liwu la h la kumayambiriro linagwa, hlaford anasanduka laverd kapena loverd, kenaka liwu la pakati nalonso linamezedwa, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1300 panatsala "lord" basi, pamene ku Scotland anasanduka "laird". Pa nthawi yomweyo mawu akuti "bread", amene anatipatsa ife buledi, analanda malo a hlaf ngati dzina la chakudyacho, ndipo "loaf" anatsala kutanthauza mtanda umodzi wokha. Kuyambira pamenepo palibe Mngerezi akanatha kumva buledi m'dzina la mbuye wake. Mayina ambiri a maudindo anabwera ndi Chifalansa, monga "duke" ndi "baron", koma "lord" ndi "lady" anapulumuka nakwera mpaka kukhala dzina la nyumba yachiwiri ya malamulo ya dziko la Britain, House of Lords, kumene kwa zaka mazana angapo anthu ambiri ankakhala chifukwa cha kubadwa kokha. Lamulo la 1999 ndi limene linachotsamo ambiri mwa olowa ufumu wa makolo awo n'kusiyamo 92.

Sindikunena kuti tanthauzo loyamba la mawu ndilo lokhalo lolondola, pakuti mawu amatanthauza chimene owalankhula akumva lero, ndipo loya wonena kuti "My Lord" salakwa kanthu posaganiza za ufa. Chimene ndikuona n'chakuti dzinali linali ndi mbali ziwiri, ulamuliro ndi udindo wodyetsa, ndipo pa ulendo wake wa zaka zoposa 1,000 mbali yoyamba ndi imene inakula, pamene yachiwiri inatsala m'zilembo zimene zinagwa. Zimenezi zimaoneka bwino pa mawu amene anafika mpaka m'Chichewa chathu. Angerezi akale anali kale ndi landhlaford, mwini malo amene anthu ankakhala ndi kulima pansi pa chitetezo chake. Mawu amenewo anadutsa m'zaka zonsezo, anawoloka nyanja pamodzi ndi Chingerezi, nafika ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi ali landilodi, munthu amene timamupatsa ndalama mwezi ukatha tisanawerenge zotsala zogulira ufa ndi lofu ya ana.