Kamera yanga sinafe, musandinamize

Lero ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka ndinalowa m'tauni kukagula rekoda yatsopano ya makamera a pashopu yanga ku Machipisa kuno ku Harare, chifukwa yakale ija inapsa magetsi atabwera mwamphamvu usiku. Ndisanatulutse ndalama ndinamufunsa mnyamata wa pakauntala katatu konse: "Achimwene, ndili ndi kamera yakale ya netiweki, ndinaigula mu 2010. Kodi ilumikizika ndi rekoda imeneyi?" Iye maso ali pafoni, amvekere, "Zonse zimalowa, mdala." Ndinapereka madola 120. Nditafika kushopu n'kulumikiza mawaya, makamera anga awiri atsopano anaonekera bwinobwino, koma malo a kamera ya kukhomo lakumbuyo ali bii. Dzulo ndabwererako, mnyamata yemwe uja, wopanda ndi manyazi omwe, akuti, "Imeneyo yafa, gulani ina."

Yafa bwanji? Kamera yakufa imayatsa kagetsi kake? Kamera yakufa imandionetsa pa laputopu chitseko, loko ndi makatoni amene ndimaunjika pakhonde? Kamera imeneyi ndi imene inagwira nkhope ya wakuba uja anathyola zenera zaka zapitazo. Ikuona lero monga inkaonera kale. Vuto ndi lakuti iyo ndi rekoda sizikumvana, basi. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno asakudziwa Chishona ngakhale liwu limodzi. Kodi pamenepo tikanati anali wosalankhula?

Akuti pali mgwirizano wa ONVIF, umene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008 kuti makamera ndi marekoda a makampani osiyana azimvana, ndipo mbali yake yokhudza kutumiza vidiyo, yotchedwa Profile S, inatuluka mu 2011, yanga itagulidwa kale. Chabwino, ndamva. Koma zimenezo amayenera kuzidziwa ndi wogulitsa, n'kundiuza ndalama zanga zili m'thumba.

Chimene chikundiwawa ndi bodzalo. Ukandiuza kuti "mdala, izi sizingamvane," ndikuthokoza ndipo mawa ndibweranso. Ukandiuza kuti "sindikudziwa," sindingakwiye. Koma kunditsimikizira kuti zonse zimalowa, kenako n'kupha kamera yanga ndi pakamwa kuti undigulitse ina, kumeneko ndi kuba. Ndi kuba kopanda kuthyola zenera. Katoni yonyezimira, zilembo zikuluzikulu pamwamba, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amene wandipulumutsa ndi mwana wa mchemwali wanga wa ku Mufakose. Wabwera madzulo ndi laputopu yake, wapeza kuti adiresi ya IP ya kamera (nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa netiweki) ili m'gulu lina, ya rekoda m'gulu linanso. Wasintha kuti zikhale pamodzi. Rekoda yakanabe kuipeza yokha kamerayo, ndiye wailembera pamanja adiresi ya RTSP, imene rekoda imatengerapo vidiyo ya kamera, pa khomo (port) 554, n'kusankha njira yakale yopanikizira vidiyo ya H.264 chifukwa yakaleyi njira yatsopano ya H.265 siidziwa. Chithunzi n'kutulukira pomwepo! Sipanathe ngakhale ola. Zoona, siikuuza rekoda munthu akadutsa, ndiye m'malo mojambula pokhapo ikujambula usana ndi usiku ndipo hard drive yosungira vidiyo izidzadza msanga. Zimenezo ndapirira. Koma ikujambula. Kamera imene ndinauzidwa kuti yafa ikujambula panopa pamene ndikulemba izi.

Ndiye abale anga a kuno ku Harare, ndi angati mwataya zinthu zamoyo chifukwa cha mawu a munthu wa pakauntala? Dola timaipeza movutikira, tonse tikudziwa. Ena a ife tikutumizanso kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi. Chinthu chikugwira ntchito, wina angoti taya chifukwa iye alibe nthawi yotsegula menyu ya rekoda imene akugulitsa yekha? Ayi. Kukalamba si kufa. Kusamvana si kufa. Ngati sudziwa kulumikiza, nena kuti sudziwa, usanamizire kamera.

Ndipo inu amisiri oika makamera, nanunso ndili nanu mawu. Bwanji mumachoka ndi pasiwedi ya kasitomala? Amene anandiikira kamera imeneyi anapita ku Johannesburg kalekale, nambala yake siigwiranso, pasiwedi anapita nayo. Tachita kukwera pa makwerero, kumasula kamera, kudina kabatani ka reset kofufutira masetingi ndi kawaya kopanira mapepala, kenako kusakasaka kompyuta yakale yokhala ndi Internet Explorer, pulogalamu yakale yotsegulira masamba a pa intaneti, chifukwa tsamba lake la masetingi silitseguka bwino pa zina. Kamera ndagula ndine, khoma ndi langa, ntchito ndinakulipira yonse. Kulemba pasiwedi pakapepala n'kundisiyira kukanakutengera chiyani?