Chenjezo kwa magulu amene mukupita kukasangalala pamadzi ndi mabwato

Mawu awa ndikulembera inu ana anga ndi adzukulu anga a muno mu Zomba, amene mwayamba chizolowezi chosonkherana ndalama, kuchita hayala minibasi, n'kupita kukakwera mabwato tsiku Loweruka. Achinyamata a kumpingo, ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, anthu ogwira ntchito pamodzi, nonse tikukuonani pa Facebook ndi pa WhatsApp muli pamadzi, ena ku Kachulu, ena ku Liwonde, ena m'maiwe a mitsinje yotsika m'phiri lathuli ndi timabwato tapulasitiki timene mukutitcha kayak. Kuyenda n'kwabwino, ndipo sindikuletsa munthu kukaona dziko lake. Chimene chikundisowetsa tulo ndi khalidwe limene mumaonetsa mukafika pamadziwo, makamaka mmene mumapeputsira anthu amene anabadwira pomwepo ndipo amawadziwa madziwo kuposa inu.

Mwezi wa Julayi ndinali padoko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, ndikudikira mlamu wanga amene ankachokera ku chilumba cha Chisi ndi matemba. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo panafika minibasi, ndipo munatuluka anyamata ndi atsikana 14, ovala bwino, olankhula mokweza. Anapita kwa bambo wina wachikulire amene ankakonza ukonde pafupi ndi bwato lake lamatabwa, n'kumuuza kuti awaolotsere kuchilumba. Bamboyo anayang'ana gululo, kenako anayang'ana kunyanja, ndipo anati: “Achimwene, bwato langali limanyamula anthu asanu ndi atatu, komanso mwera wayamba kale. Mukanabwera m'mamawa tikanapita, koma pano ayi.” Mnyamata amene ankatsogolera gululo anaseka, n'kunena kuti: “Madala, ife minibasi talipira kale, sitingabwerere chabe. Tchulani mtengo wanu.” Bamboyo anakana kachiwiri, n'kubwerera ku ukonde wake.

Sipanathe mphindi khumi, anapeza mnyamata wina wa bwato amene anavomera. Ndinaima pafupi n'kumaona akukweza kireti ya mowa, bokosi lozizitsira zakumwa ndi sipika yaikulu, kenako anthu onse 14 aja. Bwato litakankhidwira m'madzi, milomo yake inatsala pamwamba pa madzi ngati zala zinayi za dzanja langa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anavala jekete yoyandamitsa. Asanatuluke n'komwe m'njedza, mwana wothandizira wopalasa uja anali atayamba kale kukapa madzi ndi chigubu chodula, pamene mtsikana wina anali ataimirira pakati pa bwato, dzanja limodzi m'chiuno, kuti mnzake amujambule. Ndinakuwa kuti akhale pansi, koma nyimbo za pasipika zinaphimba mawu anga.

Tsiku lotsatira ndinamva kuti anabwerako onse, kutada kale, atanyowa ndi kunjenjemera, koma akuseka. Mulungu anawachitira chifundo, ndipo ndikuthokoza. Koma kubwerako kwawoko ndiko kukundiopsa kwambiri, chifukwa ana amenewa anapita kwawo ataphunzira zolakwika. M'mitima mwawo bambo wachikulire uja anali wamantha, ndipo ulendo wina adzaitana anzawo ena n'kuwauza kuti asodzi a ku Kachulu amangokokomeza zinthu.

Ambiri a inu mumati Chilwa ndi nyanja yosaya, munthu sangamiremo. N'zoona kuti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, ndipo n'zoonanso kuti inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018, mpaka anthu ankayenda wapansi kupita ku Chisi. Koma munthu wautali bwanji amene angaime m'madzi a mamita awiri mphuno ili kunja? Pansi pa nyanjayi si pamchenga ngati ku Mangochi. Ndi matope ofewa, ndipo ukapondapo miyendo imalowa, ukamalimbana kuti uzule mwendo umodzi winawo umazama. Madzi akenso ndi amatope, kotero kuti munthu akangomira, ngakhale pafupi ndi bwato, anzake sangamuone. Kusaya komweko ndiko kumachititsa kuti mphepo ikaomba mafunde adzuke msanga, afupiafupi, otsatizana, ndipo mafunde otere safuna kutembenuza bwato kuti aphe anthu: amangothiramo madzi pang'onopang'ono mpaka bwato lolemedwa likhale pansi. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti mwera umaomba kuchokera kummwera chakummawa, ndipo a nthambi yoona zanyengo amachenjeza pawailesi anthu oyenda pa nyanja za Malawi, Malombe ndi Chilwa. Ndani mwa inu amamvera chenjezo limeneli asananyamuke?

Komanso nyanja imene inaphwa n'kubwereranso siikhala monga inalili. Madzi atadzaza, makamaka chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, anamiza malo amene anthu ankalima ndi kumangapo misasa, ndipo pansi pake panatsala zitsa ndi mitengo yozikika. Tinjira todutsa m'njedza timafanana tonse kwa mlendo, ndipo dzuwa likalowa simungadziwe kumene kuli doko. Msodzi amadziwa zonsezi chifukwa amadutsamo tsiku ndi tsiku. Akakuuzani kuti lero ayi, sakukumanani chisangalalo. Iye ndalama yanuyo akuifuna kuposa mmene mukuganizira, ndipo ngati waikana ndiye kuti waona chinthu chimene inu simukuchiona. Safunsa adadya phula, koma inu mukuchita zoposa pamenepo, pakuti mwauzidwa musanafunse n'komwe ndipo mukukana kumva.

Ndinene poyera kuti tchimo lalikulu pa zimene ndinaona lija ndi la amene anatulutsa ndalama. Mnyamata wa bwato uja analakwa kuvomera, koma munthu amene nsomba zamuvuta sabata yonse, ana kunyumba alibe ufa, mukamuonetsa ndalama yoposa imene amapeza masiku atatu, mwamuika pamayesero aakulu. Ngozi ikachitika, inu mukapulumuka mudzakwera minibasi yanu kubwerera kutauni, pamene iye adzatsala ndi apolisi, ndi mudzi wonse ukumuloza chala.

Tsopano za mitsinje yathu. Likangala, Mulunguzi ndi Domasi ndi mitsinje yochokera m'mapiri, ndipo phiri la Zomba ndi lalitali kupitirira mamita 2,000. Mvula ikhoza kugwa yamphamvu pamwamba paphiri pamene kumunsi kuno dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzi ake amafika mwadzidzidzi, ofiira, atanyamula zipika ndi miyala. Ine zimenezi ndinaziona ndili mwana wa sukulu ya pulayimale. Tinkasambira padziwe lina la Likangala ndi msuweni wanga, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, katswiri wosambira m'mudzi monse. Mayi wina amene ankachapa anatiuza kuti titulukemo chifukwa madzi ayamba kusintha mtundu ndipo phiri lafunda mtambo wakuda. Ine ndinatuluka chifukwa ndinali wamantha. Msuweni wanga anati adumphe kamodzi komaliza. Abambo a m'mudzi anamufunafuna masiku awiri, akufufuza ndi nsungwi m'mabango, ndipo anamupeza kutali kumunsi atakodwa m'mizu ya mtengo. Azakhali anga anakhala pamwala wa m'mbali mwa mtsinjewo masiku onse awiriwo, atagwira malaya ake a yunifomu amene anawasiya pamtunda, osadya, osalankhula. Ndakalamba tsopano, koma ndikamadutsa pamlatho wa Likangala nthawi ya dzinja ndimawaonabe atakhala pamwala paja.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona gulu litatsitsa timabwato tapulasitiki mumtsinje mu Januwale kapena mu Febuluwale, ati madzi akakhala ambiri ndiye zimakoma. Kabwato kotere n'kopepuka, kamatembenuka msanga, ndipo amene amakadziwa anachita kuphunzitsidwa mmene angatulukiremo kakagudubuzika. Inu mwangokabwereka kwa mnzanu. Mtsinje wodzaza ukakukankhirani pamtengo wogwa, madzi amadutsa m'nthambi koma munthu sadutsa, amapanikizidwa pomwepo. Madamu a pamwamba paphiri nawonso ali ndi vuto lawo: madzi ake ndi ozizira kwambiri, ndipo munthu akagweramo mwadzidzidzi mpweya umabanika, manja n'kuuma, ngakhale akhale wodziwa kusambira. Damu la Mulunguzi ndi lakuya, komanso ndi madzi amene tauni yonse ya Zomba imamwa, choncho si malo oti gulu lingofikapo n'kuyamba kusewera popanda chilolezo cha oyang'anira.

Amene mumapita ku Shire, kumbukirani kuti mtsinje umenewo uli ndi eni ake. Mu Meyi 2023 ku Nsanje mvuu inagunda ndi kutembenuza bwato limene linanyamula anthu 37, ndipo mabanja ambiri analira maliro. Amenewo sanali pa ulendo wokasangalala, ankaoloka kupita kuminda, ndipo anali anthu ozolowera mtsinjewo. Nanga inu amene mumauza wopalasa kuti asendeze bwato pafupi ndi mvuu kuti chithunzi chioneke bwino? Mvuu imatha kukhala pansi pamadzi mphindi zingapo osaoneka, n'kudzatulukira pamene simukuyembekeza, ndipo ikakhala ndi mwana siifuna chilichonse chiyandikire. Madzulo ndiyo nthawi imene zimatuluka kukadya msipu, nthawi yomweyo imene magulu anu ochedwa kunyamuka amakhala akubwerera. Ng'ona nayo siichita phokoso, ndipo dzanja limene mwalilendeweretsa m'madzi kuti muzizizidwe ndi nyambo kwa iyo. Ngati mukufuna kuona nyama za mu Shire, ku malo osungirako nyama a Liwonde kuli maboti oyendetsedwa ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyo. Lipirani kumeneko, ndipo ngati ndalama sizikukwana, dikirani mpaka zidzakwane.

Za mowa sindichulukitsa mawu. Munthu woledzera sakhazikika pamalo amodzi, saopa, ndipo akagwa m'madzi sadziwa kumene kuli kumwamba. Mowa utsale kumtunda. Za likodzo ndingokukumbutsani kuti madzi odekha a m'mabango ndiwo amakhala nkhono zofalitsa matendawa, choncho mukaona magazi mumkodzo patapita masabata angapo, pitani kuchipatala osachita manyazi, mankhwala ake alipo. Madzi akumwa nyamulani kunyumba, pakuti kolera wakhala akuvuta kawirikawiri m'madera ozungulira Chilwa.

Inu atsogoleri a magulu, kaya ndinu wapampando wa achinyamata, kaya mkulu wa mpingo, kaya mphunzitsi, dziwani kuti makolo akamalola ana awo amakhala akhulupirira inu. Musananyamuke muyenera kudziwa amene amatha kusambira ndi amene satha, ndipo funsani aliyense payekha, chifukwa pagulu palibe mnyamata amene angavomere kuti satha. Ngati majekete oyandamitsa ali asanu ndi limodzi, okwera akhalenso asanu ndi mmodzi, enawo adikire ulendo wachiwiri, ndipo jeketeyo ivalidwe ndi kumangidwa malamba, osati kuikhalira ngati mtsamiro. Lembani maina a onse okwera n'kusiya pepalalo kwa munthu wa padoko, mumuuze kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere, kuti mukachedwa adziwe koyambira kufufuza. Nyamukani m'mamawa nyanja ili bata, ndipo mubwerere dzuwa likadali pamwamba. Mukalowa m'bwato, mawu a wopalasa ndiwo lamulo, ngakhale akhale wosaphunzira ndipo inu muli ndi madigiri awiri.

Zikavuta, bwato likatembenuka, musalisiye n'kuyamba kusambira kulunjika kumtunda, chifukwa mtunda umaoneka pafupi pamene uli kutali, ndipo bwato lamtengo nthawi zambiri limayandamabe ngakhale litadzaza madzi. Gwiritsitsani bwatolo n'kumakuwa. Mnzanu akamamira musamudumphire, pakuti womira amagwira ndi mphamvu zoopsa ndipo maliro amakhala awiri. Mupatsireni nkhafi, nsungwi kapena chitenje, kapena muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Mukamuvuula ali wosapuma, musataye nthawi ndi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba. Mugonekeni chagada, muuzireni mpweya m'kamwa, ndi kumupsinja pakati pa chifuwa mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kumuvutitsa patapita maola.

Makolo anzanga, nafenso tili ndi mbali yathu. Sabata yatha mdzukulu wanga wamkazi anabwera kudzandipempha ndalama ya ulendo wa kwaya yawo wopita ku Chisi. Ndinamufunsa kuti akwera mabwato angati, majekete alipo angati, abwerera nthawi yanji, ndipo palibe funso ndi limodzi lomwe limene anayankha, anangoti, “Agogo, anzanga onse akupita.” Ndalamayo sindinamupatse. Analira, ndipo mpaka lero akundiyankha mwachidule. Ndatumiza uthenga kwa wapampando wa kwayayo kuti abwere kunyumba kuno tidzakambirane, ndipo ndamuuza kuti ngati akufuna ndidzapita naye ndekha ku Kachulu, tikamufunefune bambo wachikulire uja amene anakana ndalama, kuti ngati ana athu awoloke, awaolotse ndi iyeyo, pa tsiku ndi nthawi imene iye adzanene.