Nyenyezi ya nsonga 10 yandithera mapepala

Munthu asamanene kuti zojambula za m'makoma a mizikiti yakale ndi zokongoletsa chabe, asanayesepo kupinda nyenyezi imodzi papepala. Awa ndi maganizo anga, ndipo sindisintha.

Masiku ano ndikusewera ndi origami, luso la ku Japan lopinda mapepala popanda sizasi kapena guluu. Nyenyezi ya nsonga 8 sivuta. Ukapinda ngodya ya pepala pakati, madigiri 90 amasanduka 45, kupindanso 22.5, basi nyenyezi yatulukira yokha. Ndi masikweya awiri ogonerana, ina itapotokako. Yomweyi yadzaza m'makoma a ku Fez, ku Morocco, pa matailosi a zellige amene amisiri amadula pamanja ndi kanyundo kakuthwa. Nditaipinda bwino ndinadziona ngati katswiri.

Kenako ndinati ndiyese ya nsonga 10. Eee, apa mpamene ndinadziwa malire anga! Imafuna ngodya za madigiri 36 ndi 72, zomwe sizibwera mwa kungopinda pakati. Komanso zidutswa za mbali zisanu zofanana, ngodya zakenso zofanana, ukaziyala pansi sizilumikizana, pamatsala mpata nthawi zonse.

Amisiri a ku Persia, komwe lero ndi ku Iran, vutoli analithetsa kalekale. Anali ndi tizidutswa ta mitundu isanu, totchedwa girih, tokhala ndi mizere pamwamba. Ukatigundanitsa, mizere ija imalumikizana n'kubala nyenyezi, tizidutswa tenitenito osaonekanso. Pa Darb-i Imam ku Isfahan, nyumba yopatulika ya Asilamu ya mu 1453, anafika nazo patali moti mu 2007 asayansi Peter Lu ndi Paul Steinhardt anaonetsa kuti kayalidwe kake kakuyandikira kwambiri ka katswiri wa masamu Roger Penrose, kosabwereza, ka m'ma 1970. Zaka 500 pakati pake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Penrose timamutchula katswiri wa masamu, koma amisiri ajawa timangoti anali ndi luso la manja, ngati mutu sunkagwira nawo ntchito. Chonsecho katswiri wojambula M. C. Escher anapita kawiri ku Alhambra, nyumba ya mafumu achisilamu ku Granada, ku Spain, mu 1922 ndi 1936, kukakopera zam'makomamo. Ankakaphunzira kwa ndani?

Dzulo ndinaika pepala langa pawindo dzuwa likulowa. Pomwe pepala lasanjikizana pamada, pena pamawala, ndipo nyenyezi imaoneka mkatimo ngati pa zenera la mzikiti. Yanga inali ndi nsonga khumi ndithu, kungoti ziwiri zinali zopendama.